Mtengo wa Pamsana pa Hulda

Ine ndinali wosoka wa chionetsero chathu, ndipo ndikuuzeni, palibe amene amadziwa thupi la munthu kuposa wosoka. Dokotala amakuona ukadwala basi. Ine ndinkawayeza onse: mayi wonenepa, bambo womeza malupanga, atsikana oyenda pachingwe, ngakhale njovu ndinaisokerapo chofunda cha mikanda. Koma diresi londivuta kuposa onse linali la Hulda Reinke, chifukwa enawo ndinkawasokera kuti abise, pomwe iye ndinkamusokera kuti aonetse. Likatalika, anthu ankadandaula kuti sanaone kanthu. Likafupika, apolisi ankabwera kudzatseka tenti. Ndiye ndinkangokhalira kupinda ndi kumasula mpendero, tauni ndi tauni, malinga ndi ukali wa abusa akumeneko.

Hulda anali ndi mphini za singano ndi inki kuyambira pansi pa khosi mpaka mu akakolo. M'mikono munali maluwa ndi zombo, pantchafu angelo, pachifuwa chiwombankhanga chotambasula mapiko. Anamutema mphinizi ndi mwamuna wake Ansel, munthu wofatsa ngati nkhosa, amene anaphunzira ntchitoyi akuyenda m'sitima zapamadzi. Nkhope ndi zikhatho sanazikhudze. Choncho Lamlungu Hulda akavala malaya a kolala yaitali ndi masokosi, ankalowa m'sitolo iliyonse amuna n'kumamuvulira zipewa ngati mkazi wa abusa. Lolemba amuna omwewo ankalipira masenti khumi kuti amuyang'ane miyendo. Amuna inu, kaya.

Pamsana pake panali mtengo wa mapeyala. Mizu inayambira m'chiuno, thunthu linakwera ndi fupa la msana, nthambi n'kutambasukira kuphewa lamanzere, masamba ndi zipatso zili mbwee, ndi mbalame zitatu zoyang'ana kumbuyo. Koma kumanja kunalibe kanthu. Khungu loyera mbee, ngati munda wosalima.

Malo opanda kanthuwo ankamusowetsa tulo Orval Tibbs, mwini wa tenti yathu yaing'ono ya zodabwitsa, yemwenso ankaima pakhomo kuitanira anthu. Orval anali ndi pakamwa poti akhoza kukugulitsa nsapato zako zomwe uli chivalire.

"Pachikwangwani ndinalemba kuti thupi lonse," ankatero. "Thupi lonse, Hulda. Ansel, iwe singano yako yathyoka kapena?"

"Mwini msana sanalole," Ansel ankayankha, akupukuta zala zake zomwe inki sinkachokamo.

"Ndiye mwamuna m'nyumbamo ndani?"

"Mukafuna mtengo wathunthu, a Orval, vulani malaya anu," Hulda ankatero. "Msana wanuwo mpokwana nkhalango."

Orval sanali munthu wotaya chinthu. Poona kuti dzenjelo silitsekeka, analisandutsa malonda.

Masiku amenewo mkazi wa mphini aliyense ankayenera kukhala ndi nkhani yakuti anachita kumukakamiza. Ndi mmene ntchito inalili, kuchionetsero chilichonse. Anthu sakanalola zoti mkazi wabwinobwino angadzuke m'mawa n'kunena kuti thupi langali ndikufuna likhale chonchi. Akanamupatsa dzina loipa. Koma ukawauza kuti anamumanga zingwe, ngakhale amayi opemphera ankalowa, mipango ili m'maso. Ndiye pansanja Hulda sanali Hulda. Anali Zenobia, mwana wa mkulu wa sitima, amene chombo chawo chinasweka panyanja yakutali, anthu a pachilumba n'kumutola, kumumangirira pamtengo, n'kumamubaya ndi minga ya nsomba chaka chathunthu. Anthu a pachilumbawo, osauka, palibe chimene anatilakwira, ndipo Orval sakanatha n'kuloza komwe chilumbacho chili. Pomaliza ankamutembenuza Hulda, n'kuloza khungu loyera lija ndi ndodo yake, mawu atatsitsa.

"Ndipo apa, abambo ndi amayi, ndi pamene anali atafika tsiku limene mmalinyero wolimba mtima anadzamupulumutsa. Akanachedwa sabata imodzi yokha, bwenzi palibe chotsala."

Amayi ankafwenthera. Ife kuseri kwa chinsalu tinkangoyasamula. Nkhani ukaimva kasanu patsiku imasanduka ngati kulira kwa sitima, sumaimvanso.

Zoona zake anandiuza ine tsiku lina ndikumuyeza, mapini ali pakamwa panga moti sindikanamudula mawu ngakhale ndikanafuna. Kwawo kunali ku Harlan Creek, katauni ka alimi a chimanga ndi nkhumba ku Indiana. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Mayi ake, mayi Ottilie Reinke, anali katswiri wopeta nsalu, munthu wa tchalitchi, wa mawu ochepa ndi olemera. Hulda atafika zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mayiwo anamupezera mwamuna, mlimi wofedwa wa ana anayi, ndipo anayamba kupeta nsalu ya patebulo ya ukwatiwo. Anapetapo mtengo wa peyala wa pabwalo pawo, ndi mbalame zoyang'ana kumbuyo, monga ankapetera agogo ake kudziko lakwawo kutsidya kwa nyanja. Mbali yamanzere itatha, Hulda anathawa. Anakagwira ntchito yochapa ku Chicago mpaka manja anasupuka ndi sopo. Kumeneko ndiye anaona mkazi wa mphini ataima pansanja, atavala silika, akudya thukuta la thupi lake popanda womulamula.

"Ndinawapempha ndekha a Ansel," anatero. "Anakana, anakananso, ine osawasiya. Mtengowu ndinawajambulira pa pepala mmene ndinkaukumbukira. Koma mbali inayo sindinaione, Verna. Sindikudziwa kuti amayi anaimaliza bwanji. Ndingaike zopeka pa ntchito ya amayi?"

Ndinalavula mapini. "Ndiye bwanji osapita kukaona?"

"Ndipite chonchi? Iwo amadziwa kuti ndimasoka zipewa m'sitolo. Nsaluyo anaimaliza kalekale, mwina anapatsa mwana wa mchemwali wawo. Mundisiye."

Zinali zitatha zaka khumi osaonana. Ndinamusiya, koma zinkandipweteka, chifukwa ine mayi anga anali atapita kale kumanda ndipo ndinkadziwa kuti nthawi siidikira munthu.

Chilimwe cha 1923, chionetsero chinasintha njira chifukwa cha mlatho umene madzi anakokolola, ndipo tinamva kuti tikaima masiku awiri ku Harlan Creek. Hulda nkhope inachita kuyera ngati mbali ija ya msana wake. Anapita kwa Orval kukapempha kuti asakwere nsanja kumeneko.

"Ukudwala?"

"Ndi kwathu."

"Ndiye bwino kwambiri. Abale ako alowe ndi theka la mtengo wa tikiti." Ataona kuti Hulda sakuseka, anafewa, chifukwa Orval mtima anali nawo, kungoti unkakhala pansi pa chikwama. "Tamvera, mwana iwe. Mayi akowo amapita kuzionetsero?"

"Amati ndi misasa ya Satana."

"Basi, nkhani yatha. Verna akusokera kansalu kophimba kumaso, uvale tsitsi lakuda lija. Ndani angakuzindikire? Anthu sayang'ana nkhope yako, usadzinamize."

Tonse tinavomereza kuti ndi nzeru. Tinaganiza za nkhope, tinaganiza za tsitsi, tinaganiza za dzina. Za nkhani ya pachilumba ija palibe ndi mmodzi yemwe amene anaiganizira. Tinali titaiwala kuti kunja kuno kuli anthu amene ukawauza chinthu amakhulupirira.

Tsiku loyamba masana tenti inadzaza. Kunkatentha, fungo la utuchi ndi thukuta lili tho. Ine ndinali kuseri kwa chinsalu ndi singano yanga, kusuzumira. Zonse zinayenda bwino mpaka pamene Hulda anatsika kukagulitsa zithunzi zake, monga ankachitira nthawi zonse. Mayi wina wachipewa cha nthenga anagula chimodzi, Hulda n'kunena kuti zikomo. Mawu amodzi okhawo. Mayiyo anamuyang'anitsitsa, anagwira pakamwa, n'kutuluka chothamanga, chithunzi chili m'manja. Kenako tinadziwa kuti anali woyandikana nyumba ndi mayi Reinke, ndipo anamulera nawo Hulda.

Chionetsero cha madzulo, dzuwa lisanalowe, Orval anali pakati pa nkhani yake, pamene pali minga ya nsomba paja. Ndinaona anthu akupatuka ngati mukudutsa ng'ombe. Anali mayi wamfupi, wowonda, wovala zakuda, shawelo ili paphewa kutentha konseko. Sanayang'ane womeza malupanga, sanayang'ane mayi wonenepa. Anaima patsogolo penipeni n'kumamvetsera Orval. Orval poona munthu womvetsera chotere anawonjezera moto. Anaikamo zingwe zodula mnofu, anaikamo usiku wolira mayi ake, zinthu zomwe sanazinenepo n'kale lonse. Ndinayang'ana Hulda. Anali atamuzindikira mayiyo.

Orval asanamutembenuze, mayi uja anakwera masitepe a nsanja. Anavula shawelo, n'kumufunda Hulda kuyambira m'mapewa, kumukulunga ngati khanda lochokera m'bafa. Kenako anachotsa kansalu kanga kakumaso kaja pang'onopang'ono.

"Hulda," anatero. "Mwana wanga. Bwanji sunandiuze?"

Anthu anaomba m'manja, abale. Ankayesa ndi sewero. Wina mpaka anaimba mluzu. Orval pakamwa panali yasa, ndipo aka kanali koyamba ine kumuona atasowa mawu.

Ndinawakokera onse awiri m'katenti kanga kosokeramo. Mayi Reinke anamukhazika Hulda pabokosi la nsalu, n'kugwada patsogolo pake, atamugwira manja onse awiri. Sankayang'ana mphini. Pamene shawelo yatseguka ankaitseka msanga, monga umachitira ndi bala la mwana.

"Ndinkayesa unandida," ankatero. "Zaka zonsezi ndinkati mwanayu anandida, n'chifukwa chake sabwera. Osadziwa kuti uli m'zingwe. Ine ndikudya, ndikugona pabedi, mwana wanga ali pamtengo. Ambuye andikhululukire."

"Amayi..."

"Usalankhule. Tiye kunyumba lero lomwe. Chipinda chako chili momwe unachisiyira. Ndikawauza abusa ndekha, alengeza Lamlungu. Palibe amene akunene, wamva? Si mlandu wako. Ndikusokera madiresi a manja aatali, palibe adzaone. Anthu awa asakuonetsenso ngati nyama."

Hulda anandiyang'ana. Ndinadziwa chimene chinali m'maso mwake. Kwa zaka khumi ankaopa kuti mayi ake akadzamuona adzamulavulira. Lero ndi awa, agwada, akumupsompsona zala, khomo la kwawo lili chitsegukire. Chofunika chinali kungotseka pakamwa basi. Bodza silinali lake n'komwe, linali la Orval. Kunena zoona, ndikanakhala ine ndikanameza malovu n'kukhala chete. Mayi ndi mayi, ngakhale umupeze ndi njira yokhota.

Nthawi yomweyo Ansel analowa, atamva phokoso. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, malaya atapinda, mphini ya nangula ya pamkono pake ikuoneka.

"Awa ndani?" mayi Reinke anafunsa.

"Amuna anga, amayi. A Ansel."

Mayiwo anayang'ana nangula uja. Nkhope yawo inawala. "Mmalinyero uja? Ndi amene anakupulumutsa?" Anadzuka, n'kukagwira manja a Ansel, manja omwe aja a inki m'zikhadabo, n'kuwaika pachifuwa pawo. "Bambo, Mulungu akudalitseni. Manja awa Mulungu awadalitse. Mwandibwezera mwana."

Ansel anafiira mpaka m'makutu. Munthu uja sankadziwa kunama ngakhale pa masewero a makadi. Anangoyang'ana mkazi wake ngati galu amene wapondedwa mchira koma akuopa kulira.

Pamenepo Hulda anaimirira.

"Amayi, asiyeni manjawo. Kulibe chilumba. Panyanja sindinapiteko chibadwire. Palibe anandimanga."

"Ukuti chiyani?"

"Ndi nkhani ya malonda. Mkazi aliyense wa ntchito yangayi ali nayo yake. Mphinizi ananditema ndi a Ansel, ku Chicago, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya ometa. Ndinawapempha ine. Ndinagona pabenchi ndekha, ndipo ndinkabwerera ndekha mpaka zinatha. Ntchitoyi ndimaikonda, amayi. Ndikanabadwanso ndikanachitanso."

"Akuopseza kuti uzinena choncho."

Hulda anamasula shawelo, naipinda bwinobwino, n'kuika pabokosi. Kenako anatembenuka.

Mayi Reinke anauyang'ana mtengo uja nthawi yaitali. Ndinawaona maso akukwera ndi thunthu, akutsata nthambi, n'kukaima pa mbalame. Munthu sangaiwale ntchito ya manja ake. Panalibenso chofotokoza, chifukwa kulibe chilumba chimene mbalame zake zimayang'ana kumbuyo ngati za ku nyumba ya Reinke. Anasiya manja a Ansel ngati agwira mphika wamoto. Misozi inauma pomwepo. Nkhope inatsekeka, ndipo ndinamuona mayi amene Hulda anamuthawa uja.

"Ndagwada pamaso pa anthu," anatero motsitsa. "Tauni yonse yandiona."

Anatuluka. Shawelo anaisiya.

Hulda sanalire pomwepo. Anavala mkanjo wake n'kukakhala kuseri kwa ngolo ya akavalo, Ansel ali pambali pake. Ine ukali unandikwera ndipo ndinakautsitsira pa Orval, amene anabwera akusisita manja kuti bwanji mayi aja tiziwalipira azichita zomwezija tsiku lililonse. Ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano. Ndinamuuzanso kuti akadzang'amba buluku adzasoke ndi lilime lakelo, poti ndi lakuthwa kale. Atachoka ndinapita kwa Hulda ndi khofi.

"Ndawataya kawiri, Verna," anatero. "Koyamba ndinathawa. Lero ndachita kuwakankha."

"Nanga unaneneranji?"

"Akanandikonda chifukwa cha zingwe. Tsiku lililonse akanamandiyang'ana ndi chisoni, ine n'kumadya buledi wawo. Ndipo a Ansel akanakhala ngwazi ya bodza patebulo pawo. Ayi. Ngati andida, adane ndi ine weniweniyo."

Ndinangomuuza kuti amwe khofi asanazizire.

M'mawa mwake tinali m'tenti yodyeramo, mazira ndi nyama ya nkhumba zili patebulo, Hulda akungotembenuza foloko. Linali tsiku lotsiriza, madzulo ake matenti akugwa, ndipo Harlan Creek sitikanadzaionanso. Mwadzidzidzi phokoso la mbale linaleka. Mayi Reinke anali ataima pakhomo, zakuda zomwe zija, dengu lili pamkono. Anadutsa pakati pa oyenda pachingwe ndi osamala njovu ngati akudutsa pakati pa mipando ya m'tchalitchi.

"Ndabwera kudzatenga shawelo yanga," anatero.

Tinapita nawo kukatenti kanga, ine, Hulda ndi Ansel. Ndinawapatsa shawelo. Anailandira, koma sanatembenuke kuti azipita. Anaika dengu pansi.

"Vula mkanjowo. Tembenuka."

Hulda anamvera ngati kamwana. Mayiwo anatulutsa magalasi, navala, n'kusendera pafupi.

"Ndani anajambula mbalame iyi yapakatiyi?"

"Ndine, mayi," Ansel anatero.

"Mlomo wake ndi wa nkhuku."

"Ndinatsata pepala limene anandipatsa, mayi."

"Ndiye wolakwa ndi uyu. Sankayang'ana ndikamamuphunzitsa, maso anali pawindo." Anatsata nthambi ina ndi chala, m'mwamba, osakhudza khungu. "Koma mzere wanu ndi wowongoka. Dzanja silinjenjemera. Masambawa mwawatha." Analoza mbali yakumanja ija. "Nanga uku bwanji kulibe kanthu? Inki inatha?"

"Sindinaone mmene munamalizira, amayi," Hulda anayankha, nkhope ili kuchinsalu. "Sindinafune kupeka. Ndinkati mwina tsiku lina ndidzaiona nsaluyo."

Mayi Reinke anawerama, natulutsa m'dengu chinthu chokulungidwa m'pepala. Anachiyala patebulo langa losokera, pamwamba pa zidutswa za silika. Inali nsalu ya patebulo ija, itayamba kufiirira m'mapindo mwake. Mtengo unali womwewo, thunthu, nthambi zamanzere, mbalame zitatu. Kumanja kunalibe kanthu. Singano inali chibayire pamene nthambi yoyamba yakumanja inkayenera kuyambira, ulusi wobiriwira ukulendewera, ndipo dzimbiri la singanoyo linali litadontheza kadontho pansalu.

Hulda anatembenuka n'kuona. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Simunaimalize."

"Ndikanamalizira ndani?" mayiwo anatero mwaukali, ngati wawafunsa zopusa. "Ndinaisiya m'mawa umene ndinapeza bedi lako lili lozizira. Ndinkati akadzabwera ndidzapitiriza."

Apa ndiye Hulda analira, kulira kwenikweni, kwa mamina. Ine ndinayamba kufunafuna sizasi imene inali m'manja mwanga. Mayi Reinke anamulola alire pang'ono, kenako anamupatsa mpango.

"Pukuta. Tamvera, ndisakunamize. Sindinakondwe nazo. Usiku wonse ndakhala ndikukangana ndi Ambuye, ndipo sitinamalize. Thupi limene ndinalisambitsa ine, amuna a m'tauni muno aliona ndi masenti khumi. Zimenezo zindipweteka mpaka m'manda. Koma dzulo ukanatha kundisiya ndi bodza lija, ndikanafa nalo ndili wokondwa. Sunatero. Ndiye kuti china chake ndinakuphunzitsako." Anayang'ananso msana uja. "Ndipo mwana wanga sangamayende dziko lonse ndi ntchito yanga ili yosatha. Anthu aziti Ottilie Reinke ndi waulesi."

Anatembenukira kwa Ansel. "Inu mumayamba mwajambula, kapena mumangobaya?"

"Ndimayamba ndajambula, mayi. Ndi pensulo iyi. Mumainyowetsa kaye."

"Ngati pansalu."

"Chimodzimodzi, mayi."

"Bweretsani."

Hulda anagona chafufumimba patebulo langa, pambali pa nsalu ija. Mayi ake anapinda manja a diresi, nanyowetsa pensulo palilime. Kuti ajambule bwino anayenera kutsamira, ndipo dzanja lawo lamanzere linatera pa mbalame zija. Aka kanali koyamba kukhudza mphini za mwana wawo. Ndinaona zala zikuima, kenako zikusisita pang'ono, ngati akudabwa kuti ndi khungu lomwe lija, lofunda, losalala.

"Zinkapweteka?"

"Zinkapweteka, amayi."

"Walira mvula walira matope. Usagwedezeke."

Anajambula m'mawa wonse. Nthambi zinatuluka m'thunthu n'kukwera kuphewa lamanja, masamba, mapeyala, mosafufuta ngakhale kamodzi, ngati munthu amene wakhala akuujambula mtengowo m'mutu zaka zonsezi. Ansel anaima kumbuyo kwawo akupuma pang'onopang'ono. Nthawi ina anati, "Mayi, mukanakhala kuno bwenzi ine ndilibe ntchito," iwo n'kumuyankha kuti asawanyengerere, koma ndinaona kukamwa kwawo kukufuna kumwetulira.

Orval anasuzumira, naona zimene zinkachitika, n'kugwira mutu. "Nanga mmalinyero wanga uja? Dzenje likatsekeka ndiziti anamupulumutsa liti?"

"Ndinu amene munandiliza dzulo?" mayi Reinke anafunsa osadzutsa mutu.

"Ndi ntchito chabe, mayi."

"Muziti mtengowu anajambula ndi mayi ake, a ku Harlan Creek. Mukawonjezera chingwe ngakhale chimodzi, ndidzakupezani."

Orval anang'ung'udza kuti zoona sizigulitsa matikiti. Koma kuyambira tauni yotsatira Hulda anayamba kudzifotokozera yekha pansanja, ndipo amayi ankafwentherabe, mwinanso kuposa kale. Orval mpaka lero amati nzeruyo inali yake.

Mbalame anaisiya pomalizira. Panali patatsala malo a imodzi, pamwamba penipeni pa phewa. Mayi Reinke anaima, pensulo ili m'mwamba.

"Ukudzabwera nthawi ya chisanu, chionetsero chikapuma?"

"Mukandilola."

"Ndi amuna akowa. Nsaluyi udzaimaliza ndiwe, maso anga atha. Udzaonera pamsana pakopo, ndidzakugwirira kalilole." Ananyowetsanso pensulo.

"Iyang'ane kumbuyo ngati zinzake, amayi," Hulda anatero.

"Ayi. Zitatu zayang'ana kumbuyo zaka khumi, makosi awawa. Iyi iyang'ane kumene ukupita."

Atamaliza anapukuta zala pa mpango, n'kuona diresi la Hulda la pansanja lili pachingwe. Analitsitsa, nalitembenuza, n'kuyang'ana msoko wanga mwa njira imene sindinaikonde ngakhale pang'ono. Kumbuyo kwake ndinali nditalidula mopendekera, kuti liphimbeko pang'ono phewa lopanda kanthu lija.

"Mayi wosoka, dzina lanu ndani?"

"Verna."

"A Verna, diresi ili libisa mbalame yanga." Anatambasula dzanja. "Tandibwerekani sizasi."